Tatu, mphunzitsi wake, na ana a pa chisumbu

Chaka chatha ninathandizako kuphunzitsa pa kasukulu kena kuno ku Ng'ombe, kaja kamene ana amakhala anayi pa desiki imodzi. Sitinali kulandila malipilo. Pakati pathu panali mtsikana wina wochokela ku Spain, amene anabwela kudzagwila nchito yodzipeleka kwa miyezi 6. Tsiku loyamba tinapangana kuti iye aniphunzitse Chisipanishi, ine nimuphunzitse Chinyanja, ndipo tinagwilana chanza.

Pamene anali kukwela ndeke kubwelela kwawo, anali kudziwa "muli bwanji", "zikomo", "ni zingati" na "nakhuta". Ine ninatsala na tumawu tochepa kumbuyo kwa kabuku, tosakwanila ngakhale kugula tomato. Tinali kuonana masiku asanu pa wiki, kusesa kalasi imodzi, kudya nsima mbale imodzi, koma mawu akangotisowa tonse awili tinali kuthawila ku Chizungu. Amayi a pa msika nawonso akamuona anali kusintha lilime kuti amuthandize. Ana a m'kalasi ndiwo anayesako kumukakamiza, chifukwa Chizungu chawo chinali chisanakhwime.

Kwa nthawi yaitali ninali kuganiza kuti mutu wanga ndiwo wouma. Maganizo anasintha pamene ninawelenga za munthu wina amene nkhope yake mumaiona pa malaya a salaula na pa tumbendela twa m'maminibasi, Ernesto Che Guevara. Iyenso zinamuchitikila chimodzimodzi, kufupi na kwathu kuno.

Mu April 1965, Zambia ili na miyezi 6 chabe ya ufulu, Guevara anawoloka nyanja ya Tanganyika usiku pa boti kuchokela ku Kigoma, ku Tanzania, kulowa m'mapili a kum'mawa kwa Congo. Ni nyanja imodzimodzi imene imafika ku Mpulungu na kutipatsa kapenta. Anabwela kudzathandiza zigawenga zimene zinali kumenyana na boma la ku Léopoldville pambuyo pa kuphedwa kwa Patrice Lumumba mu 1961. Mtsogoleli wa dela limenelo anali Laurent-Désiré Kabila, amene nthawi zambili sanali kupezeka kunkhondoko. Asilikali a ku Cuba anafika oposa 100, pafupifupi onse akuda, ndipo onse anali atadzipeleka okha. Pofuna kubisa maina awo enieni anatenga maina a Chiswahili, ndipo oyamba kufika anatenga manambala. Víctor Dreke anakhala Moja, wina anakhala Mbili, ndipo Guevara anakhala Tatu. Wa Chinyanja safunika womumasulila dzina limeneli, alimva kale mu "atatu" na "zitatu".

Tatu anapatsidwa mnyamata wa ku Bukavu, Freddy Ilanga, wa zaka zosafika 20, kuti azimumasulila na kumuphunzitsa Chiswahili. Anali kugona malo amodzi m'thengo, kuyenda pamodzi, ndipo Guevara, amene anali dokotala, anali kuona odwala a m'midzi Freddy ali pambali. Anthu ambili lelo amati njila yabwino yophunzilila chitundu ni kukhala pakati pa eni ake usana na usiku, ndipo Guevara anakhala choncho kwa miyezi 7. Chiswahili sichinamuloŵe bwino. M'buku limene analemba pambuyo pake pofotokoza kulephela kwa ulendowo, anavomeleza yekha kuti chimodzi mwa zolakwa zake chinali chimenechi, ndipo anatchula chifukwa chake. Anali kudziwa Chifulenchi. Chifulenchi chinali kumukwanila pokamba na akulu-akulu a zigawenga, ndipo chinamutalikitsa kwa asilikali wamba amene anali kunyamula mfuti. Chifulenchi chinamuchitila zimene Chizungu chinatichitila ine na mtsikana uja.

Mu November 1965 zinthu zinavuta ndipo a ku Cuba anathawa kuwolokanso nyanja, masiku ochepa Mobutu asanalande boma. Freddy anatengedwa pamodzi nawo mpaka ku Havana. Kumeneko kunalibe wokamba Chiswahili pa msewu, m'basi kapena m'kalasi. Tsopano mphunzitsi uja ndiye anafunika kuphunzila chitundu chachilendo popanda kothawila, ndipo anachiphunzila mpaka anakhala dokotala wochita maopaleshoni a ubongo kwa ana.

Freddy anali mmodzi wa oyambilila. Patapita zaka 12, ana a mu Africa anayamba kuyenda njila imodzimodzi m'magulu a mahandiledi. Mozambique inalandila ufulu pa 25 June 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse osadziwa kuwelenga, ndipo Apwitikizi ambili amene anali kuyendetsa maofesi, zipatala na mafakitale anali atachoka. Mu 1977 Fidel Castro anacheza ku Mozambique, Samora Machel nayenso anacheza ku Cuba, ndipo chaka chomwecho ana oyamba a ku Mozambique anafika pa chisumbu china kum'mwela kwa Cuba. Chinali kutchedwa Isla de Pinos. Ni pamene panali ndende imene Castro mwiniyo anakhalamo mpaka 1955. Mu 1978 dzina linasinthidwa kukhala Isla de la Juventud, kutanthauza Chisumbu cha Achinyamata. Pambuyo pa a ku Mozambique na a ku Angola panabwela a ku Ethiopia, Namibia, Ghana, Congo, Guinea-Bissau, Western Sahara, Sudan na ena, masauzande ambili pa zaka zonsezo.

Masukulu sanali m'tauni ya Nueva Gerona. Anamangidwa pakati pa minda ya zipatso, iliyonse payokha, na ana pafupifupi 500 kapena 600 ogonela komweko. Dziko lililonse linali na masukulu ake, ndipo ena a ana a ku Mozambique anali na maina a Samora Machel na Eduardo Mondlane. Aphunzitsi ochepa ochokela kwawo anali kuwaphunzitsa Chipwitikizi na mbili ya dziko lawo kuti asaiwale kumene anachokela. Masamu, sayansi na zina zonse zinali m'manja mwa aphunzitsi a ku Cuba, m'Chisipanishi, kuyambila pachiyambi.

Tsiku linali kugawidwa pawili. Gulu limodzi likakhala m'kalasi m'mawa, lina linali kumunda kupalila, kudulila mitengo na kuthyola toronja, zipatso zonga malalanje akulu-akulu owawasa zimene ena amati manyumwa. Masana magulu anali kusinthana. Boma la Cuba linali kukhulupilila kuti buku na khasu ziyenela kuyendela pamodzi, ndipo Guevara uja ndiye analimbikitsa kwambili trabajo voluntario, nchito yodzipeleka, mpaka iye mwini, ali nduna, anali kupita kukadula nzimbe pa Sondo. Ana a ku Cuba nawonso anali kuphunzila m'masukulu a kumunda otele. Koma ine sinivomeleza kuti nchito ya mwana wa zaka 12, amene belu yamudzutsa kusanache ndipo kwawo kuli kutsidya kwa nyanja yaikulu, ingatchedwe yodzipeleka. Inali pa ndandanda ya tsiku monga masamu, ndipo zipatsozo zinali kugulitsidwa kunja kwa dziko. Anawo analandila maphunzilo, chakudya, yunifomu na mankhwala popanda kulipila, n'zoona, koma thukuta lawo linalipilako mbali.

Frelimo inasankha ana m'zigawo zonse za dziko, chifukwa inali kufuna kuti Mmakua, Msena na Mshangani aphunzile kudziona monga mtundu umodzi. Ziwili mwa zigawozo ni Tete na Niassa, kumene anthu a ku Angónia, ku Chifunde na m'mbali mwa nyanja ku Metangula amakamba Chinyanja chimodzimodzi na cha ambuye athu a ku Chadiza na Katete. Tangoganizilani mwana wa kumeneko. Kunyumba akamba Chinyanja. Chipwitikizi achidziwa cha m'kalasi chabe, monga mmene ambili a ise tinali kudziwila Chizungu mu giledi 5. Wamuchipinda mnzake akamba Chimakonde. Kapitawo wa kumunda akuwa m'Chisipanishi.

Chipwitikizi chinali kuthandiza chifukwa ni pachibale na Chisipanishi, koma nthawi zina chinali kusocheletsa. Mawu ena amamveka chimodzimodzi koma tanthauzo n'losiyana. Kwa Mpwitikizi esquisito ni chinthu chachilendo chokayikitsa, pamene exquisito m'Chisipanishi ni chakudya chokoma kwambili. Vassoura ni tsache, basura ni zinyalala. Rato ni khoswe ku Maputo, ku Havana ni kanthawi kochepa. Mtsikana wofuna kukamba kuti wachita manyazi akabweleka embaraçada ya Chipwitikizi, wa Chisipanishi amamva embarazada, kutanthauza kuti ali na pathupi. Chosakaniza chimene chimabadwa pakati pa zitundu ziwilizi chili na dzina lake, portuñol, ndipo munthu angathe kukhala nacho zaka zambili akumveka ndithu koma osafika pa kulemba mayeso bwino.

Ndiye palinso kakambidwe ka anthu a ku Cuba, kamene kamasiyana na Chisipanishi cha m'buku monga mmene Chinyanja cha pa City Market chimasiyanilana na cha m'Baibo. Amameza "s" na "d". Nsomba, imene buku imati pescado, pa msewu imamveka "pecao". Basi ni guagua. Moni wa anyamata ni "asere, qué bolá", wosapezeka m'buku ya giledi iliyonse. Papaya ku Havana amaitcha fruta bomba, chifukwa dzina lakuti papaya kumeneko ni mawu otukwana. Zinthu zotele mphunzitsi sangazilembe pa bolodi. Munthu amaziphunzila atasekedwa, pa mzele wa chakudya kapena pansi pa mtengo wa toronja na dengu kumsana.

Mwana wa Chinyanja anali na mwayi wina umene mwina sanaudziwe. Chisipanishi chili na mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa monga mmene ise timawatchulila. Mungelezi amavutika nawo, ise ayi. Mawu ena tili nawo kale m'nyumba, anabwela na amalonda a Chipwitikizi amene anali kukwela mtsinje wa Zambezi kupyola Tete mpaka Zumbo na Feira, kumene lelo ni ku Luangwa. Nsapato ni zapato, kalata ni carta, mbendela ni bandera, makina ni máquina, vinyo ni vino. Ngakhale zija zakuti dzina lililonse ni "el" kapena "la" ndipo mawu otsatila ayenela kugwilizana nalo siziyenela kuopsa munthu amene amakamba "munthu wamkulu, chinthu chachikulu, kanthu kakang'ono" popanda kuganizila. Chimene chimatigwetsa ni "l" na "r". Kwa ise n'chimodzi, mungalembe "bwela" kapena "bwera" palibe adzakufunsani. Kwa iwo pelo ni tsitsi, pero ni "koma", perro ni galu. Mtsikana uja wa ku Spain ananiyesa pa mawu atatu amenewa kwa wiki yathunthu, ndipo ana a giledi 3 anaseka mpaka kugwa pa mabenchi.

Ana a ku Namibia analibe ngakhale Chipwitikizi chowathandiza. Pa 4 May 1978 asilikali a South Africa anaphulitsa msasa wa SWAPO ku Cassinga, kum'mwela kwa Angola, na kupha anthu pafupifupi 600, ambili a iwo azimayi na ana. Asilikali a ku Cuba amene anali pafupi anathamangila kukathandiza, ndipo ena a iwo anafela panjila. Chaka chomwecho mahandiledi a ana opulumuka anatengedwa kupita pa chisumbu chija, ku sukulu imene inapatsidwa dzina la Hendrik Witbooi. Ambili anali kukamba Oshiwambo. Nkhani ya ana amenewa imakhudzanso ife kuno. SWAPO inali na maofesi muno mu Lusaka na msasa wa othawa nkhondo ku Nyango, kufupi na Kaoma, ndipo sukulu ya United Nations yokonzekeletsa anthu a ku Namibia kudzalamulila dziko lawo inatsegulidwa mu Lusaka mu 1976. Ana amene anafika ku Cuba na zipsela za mabomba anaphunzila kuwelenga, kukangana na kufunsila chibwenzi m'Chisipanishi, ndipo Namibia italandila ufulu mu 1990 ambili anabwelela ali madokotala, manesi, aphunzitsi na mainjiniya.

Njilayo inagwila nchito, ndipo chifukwa chake si chovuta kumvetsa kwa munthu wa mu Lusaka. Kuno kunali kwa Asoli na Alenje. Likulu linasamukila kuno kuchoka ku Livingstone mu 1935, ndipo Chinyanja chinafalikila kupitila mwa apolisi, asilikali na anthu a kum'mawa obwela kudzafuna nchito. Lelo Mtonga wa ku Monze kapena Mlozi wa ku Senanga akatsika pa Intercity, palibe amamulembetsa kalasi ya Chinyanja. Pakapita miyezi yochepa mudzamumva akukangana na kondakita pa chenji. Amachiphunzila chifukwa kondakita, landilodi na mayi wogulitsa makala sadzamusinthila chitundu. Mzungu wodzipeleka timamusinthila, mwaulemu, ndiye amabwelela kwawo na "muli bwanji" chabe.

Zimene anawo anataya zinaonekela pobwelela. Ambili anakhala zaka 7, 10 kapena kuposa, ndipo ulendo wokaona makolo unali wa kamodzi-kamodzi, kwa ena kunalibiletu. Mwana amene anachoka na zaka 12 anabwela ali mwamuna wa ndevu, wodziwa kutchula fupa lililonse la m'thupi m'Chisipanishi, koma wosadziwa mawu oyenela kukamba pa malilo a kwawo. Chitundu cha amayi ake chinaima pa msinkhu umene anachokela. A ku Mozambique anapezanso dziko litasintha. Samora anafa pa 19 October 1986 pamene ndeke yake inagwa ku Mbuzini pochokela ku msonkhano ku Mbala, kuno kwathu. Nkhondo ya Renamo inapitiliza mpaka pangano la ku Rome la 1992, ndipo boma limene linawatuma kukaphunzila za sosholizimu linali litayamba kale kugulitsa makampani ake. Soviet Union itagwa mu 1991, Cuba inalowa m'njala na kusowa kwa mafuta, ndipo masukulu a pa chisumbu anayamba kutsekedwa imodzi-imodzi.

Amene anavutika koposa mwina ni a ku South Sudan. Ana pafupifupi 600 anatumizidwa na gulu la SPLA kuchokela ku misasa ya ku Ethiopia cha m'ma 1985 na 1986. Pamene anatsiliza maphunzilo, kwawo nkhondo inali ikali mkati ndipo kunalibe kobwelela. Ambili anatengedwa na Canada monga othawa kwawo, ndipo ena amene anali na madigili a udokotala anapezeka akudula nyama m'fakitale ku Brooks, ku Alberta. Pakati pawo anali kukamba Chisipanishi, kuvina salsa na kuphika mpunga na nyemba za ku Cuba. Anzawo a ku Sudan anali kuwaona monga alendo. Ena anabwelela kukagwila nchito m'zipatala dziko lawo lisanalandile ufulu mu 2011, ndipo ku Juba amadziwika na dzina lakuti Cuban Jubans. A ku Western Sahara nawonso ali na dzina lawo, cubarauis. Maina amenewa anthu amawatchula moseka, koma amaonetsanso kuti eni ake sanalandilidwe monga ana a pakhomo pamene anabwelela.

Njila yopita ku Cuba ikalipo. Mu 1999 dzikolo linatsegula sukulu ya udokotala ya ELAM kufupi na Havana, yolandila ophunzila a m'maiko osauka, ndipo South Africa inayamba kutumiza ophunzila ake pa pangano la Nelson Mandela na Fidel Castro la 1996. Achinyamata a ku Zambia nawonso apitako, ndipo madokotala a ku Cuba agwilapo nchito m'zipatala zathu. Amene sadziwa Chisipanishi amayamba na miyezi ya kuphunzila chitundu asanagwile buku ya udokotala. Ena a imwe muyembekezela mayankho a masikolashipu a ku Russia, China, Algeria kapena Cuba komweko. Kusiyana kwanu na ana a 1977 kuli m'thumba. Foni ili na gulu la WhatsApp la a ku Zambia anzanu, nyimbo za kuno, na pulogilamu yomasulila chilichonse chimene mphunzitsi wakamba. Amayi mudzakamba nawo Sondo iliyonse, ndipo Chinyanja chanu sichidzaima pa zaka 12. Koma foni imeneyo ingakuchitileni zimene Chifulenchi chinachitila Tatu, ndipo sinidziwa amene angakuuzeni maola angati pa tsiku muyenela kuizima.

Freddy Ilanga analibe foni yotele. Anakwatila mkazi wa ku Cuba, anabeleka ana, anagwila nchito m'chipatala cha ana ku Havana, ndipo kwa zaka pafupifupi 40 abale ake ku Bukavu sanali kudziwa ngati ali moyo. Anadzapezana nawo kupitila pa intaneti atakalamba kale, ndipo anamwalila mu 2005 asanapondenso kwawo. Katswili wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Katrin Hansing, anamujambula asanamwalile, ndipo filimu yaifupi ya moyo wake inatuluka mu 2009. M'filimuyo mphunzitsi wa Chiswahili wa Che Guevara akusimba za Bukavu, za mapili a Congo na za usiku wa pa nyanja ya Tanganyika, ndipo akuzisimba m'Chisipanishi.